Chitsulo Chofunda

Pali zinthu zimene mwamuna wokwatira sayenera kuzigwira, ndipo ine ndinagwira chimodzi mwa izo anthu akuona.

Nditangolembedwa ntchito pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ku Makata, anatiuza kuti makina enieni tisawakhudze kaye, tiyambe taphunzira ndi magalasi. Magalasi akewo ndi chibokosi chomangirira kumaso ndi lamba. Ukachivala chipinda chimasowa, umangoona uli pakati pa mathanki, mapaipi akusokosa m'makutu.

Mphunzitsi wathu, a Domingo, anandiveka chinthucho.

"Achimwene, kwerani pa thankiyo mukatseke valavu yofiira ya papaipi. Osaopa, ndi zithunzi chabe."

Ndinaseka. (Ine wokulira m'mitengo ya mango ku Chigumula, ndiope zithunzi?)

Makwerero ndinakwera bwinobwino. Nditafika pamwamba ndinayang'ana pansi. Mayo ine! Malole akuoneka ngati mabokosi a machesi. Kenako belu la ngozi linalira, nthunzi kuti fwaa kumaso, kamlatho kamene ndinaimapo n'kuyamba kugwedezeka.

Ndinagwada n'kuyamba kukwawa, ndikupapasa pogwira. Dzanja linapeza chitsulo. Ndinachikumbatira ndi manja awiri, tsaya n'kuligunditsa pomwepo.

"Achimwene, tasiyani!" a Domingo anakuwa.

"Sindisiya! Ndili ndi mwana wamng'ono ine!"

"Ndati siyani!"

Chitsulocho chinayesa kuthawa, ine ndiye kukakamira, uku ndikuitana amayi anga amene ali ku Thyolo. Nzeru zinabwera mochedwa: chitsulo chanji chofunda chonchi, chonunkhira mafuta odzola?

Atandivula magalasi ndinaona nsapato, kenako chitenje, kenako nkhope. Anali apongozi anga, mayi a mkazi wanga, amene amaphika ku kantini ya pafakitale pomwepo. Anangolowa kudzatenga makapu a tiyi. Munthu amene kunyumba ndimamupatsa moni nditanjuta patali, ine nditakumbatira mwendo wake!

Ndinausiya mwendowo msangamsanga. Iwo anakonza chitenje chawo, maso ali kukhoma, nafunsa motsitsa mawu, "Bambo a Chisomo, mwatsika bwino?"



Ulendo wachiwiri mayeso ndinakhoza, ndipo makina enieni ndimayendetsa popanda vuto. Koma masana ndimadya chimanga chootcha kunja kwa geti, kaya kukugwa mvula kaya kuli dzuwa. Anzanga amati apongoziwo amaphika nyemba zokoma kwambiri. Ine ndimangomva.