Mbuzi ya Boma

Lolemba
Lero atichotsa mu umphawi! Ife oyanika usipa kuno ku Malindi tinapempha msewu woti nsomba zizifika ku tauni zisanavunde. Atibweretsera mbuzi. Imodzi ndi yanga. Chabwino, wopatsidwa sasankha. Ikayamba kuswa: malata, fizi ya mwana wanga Esnati, nsapato zanga za kutchalitchi.

Lachiwiri
Ndi tonde! Ndevu, fungo, zonse zili poyera. Ndikuwauza alangizi a pulojekiti, iwo osayang'ana n'komwe: "Mayi, ife tinagula zazikazi zokhazokha." Nanga zikulendewerazi ndamangirira ndine?

Lachitatu
Lamulo: khola likhale la m'mwamba, apo ayi alanda. Mitengo ndiitenga kuti kugombe kuno? Ndikuphwasula thandala langa loyanikapo usipa. Tonde wagona pamwamba ngati bwana, usipa uli pamchenga.

Lachinayi
Wadula chingwe. Zimene wadya:
chinangwa cha aneba anga Abiti Saidi,
sopo,
mbali ina ya ukonde wa amuna awo,
kope la masamu la Esnati.
Abiti Saidi akukuwa kuseri kwa mpanda: "Amake Esnati, boma lanulo limangeni!"

Lachisanu
Wogula wochokera ku Limbe watafuna kausipa kamodzi, walavula. "Mchenga wokhawokha." Wapita kwa ena. Wailesi ikuti chuma cha dziko chikukula. Chikukulira kuti? Kuno chimene chikukula ndi mimba ya tonde basi.

Loweruka
Akuti akuluakulu akubwera kudzatijambula. Tasesa, tavala zitenje zofanana, tayimba mpaka mawu kusasa. Ine mayi wamkulu ndasambitsa tonde, iye wandithokoza ndi nyanga pabondo. Dzuwa lili paliwombo, uthenga wafika: galimoto yawo yathyokera m'maenje a msewu, abwerera. Akanakwera mbuzi!

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi, atcheya a komiti ya m'mudzi andikokera pambali. Chimanga chothandiza ovutika chikubwera, koma ine andichotsa pa mndandanda wa olandira. "Munthu wa chiweto si wosauka, mayi."

Ndigulitse? N'koletsedwa. Ndiphe? N'koletsedwa.

Ndakhala pansi pa khola, poti pakhomo pano mthunzi watsala pomwepa. Bondo latupa. Pamwamba tonde akubzikula, timanyi take tikundigwera paphewa. Alangizi akuti amenewa ndi manyowa, ndisataye ngakhale kamodzi.

Munda ndilibe.