Nkhungu ya bambo wa ku Masongola

Mpaka lero ndikamadutsa ku Masongola ndimayenda chowerama ngati ndataya singano. Chinandipachika ndi pakamwa pangapa.

Chaka chimenecho mtima wanga unali pa a Esnati, mtsikana wa kukwaya kwathu amene ankaphunzira za kaganizidwe ka anthu ku yunivesite. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwathandize pa kafukufuku wawo. Ankafuna kudziwa chimene chimachititsa munthu kunena kuti chithunzi ichi n'chokongola, icho ayi. Ndinavomera asanamalize n'komwe kulankhula (zojambulajambula zimene ndinkadziwa ine ndi kalendala ya kugolosale basi).

Ndinafika nditavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Anayamba kundionetsa zithunzi chimodzichimodzi, chilichonse chili ndi kapepala konena za wojambula wake. Chachitatu chinali cha phiri, nkhungu itakuta mitengo ya paini. Kapepala kanati katswiri wa ku Ulaya.

"Eee achemwali, izi ndiye zinthu!" ndinatero nditagwira chibwano ngati profesa. "Taonani nkhunguyo, mpaka ndamva kuzizira. Azungu ndi ena, dzanja lawo si lathuli."

A Esnati anangolemba.

Patadutsa zithunzi zingapo, kunabweranso cha phiri. Kapepala kanati bambo wina wa ku Masongola. Apa ndinafuna aone kuti sinditengeka ndi zilizonse.

"Izi n'zija amanyengerera nazo alendo pamsewu wokwera kuphiri," ndinatero. "Nkhungu yake ngati mwana wataya phala. Bambowa akanangomapenta zikwangwani za masaluni."

A Esnati anaika cholembera pansi. Anatulutsa chachitatu chija n'kuchiika pambali pa ichi. Abale inu, panalibe kusiyana, mpaka kamtengo kopindika kapakona.

"Achimwene, n'chithunzi chimodzi. Timangosintha kapepala."

Ndinayesa kuseka, koma kunatuluka chifuwa. "Nanga anajambuladi ndani?"

"Bambo anga. Ndipo simunaname, amapentadi zikwangwani."

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Mawu ofunsira mbeta amene ndinaloweza sabata yathunthu ndinabwerera nawo kunyumba osagwira ntchito, ndipo zinandiwawa zedi. A Esnati anakwatiwa ndi mphunzitsi wina amene, ndikumva, pa kafukufukuyo ankangoti zonse n'zabwino.

Kaya ndinaphunzirapo kanthu, kaya. Koma masiku ano mayi a kunyumba akandionetsa chitenje n'kufunsa ngati n'chokongola, sindiyankha msanga. Ndimayamba ndafunsa: "Mwagula nokha, kapena akupatsani ndi amayi anu?"