Nsambo ya Buleki ya Njinga

Usiku wathawu ndinalota zoti mukazimva museka, koma ine mtima ukundiwawabe. Paja mawa ine ndi achemwali anga, a Felesiya, tikukajambula nyimbo ku situdiyo koyamba, titaimba m'maukwati zaka makumi awiri. Chidwalireni chifuwa chija mawu awo anatsika, ndiye gitala ndimachunira pa mawu awowo. Iwo amati "mmm", ine n'kumakhwefula nsambo mpaka tikumane.

Ndiye kumalotoko tafika ku situdiyo, koma situdiyoyo ili m'minibasi ya ku Ndirande, mkati monse atamatamo mathireyi a mazira. A Kamwendo, ojambula nyimbo aja, apanikiza kamakina kochunira pamutu pa gitala yanga.

"Kuno sitichuna ndi khutu, bambo. Kakayaka kobiriwira m'pamene tiyambe."

Mwadzidzidzi a Kamwendo asanduka bilimankhwe, tayi ili m'khosi momwemo. Ndikhudza nsambo, iwo afiira psuu. Ndikunga, afiirabe. Diso limodzi lili pa ine, lina pa achemwali.

Ndiye nsambo yachitatu, ija ndinachotsa ku buleki ya njinga, yayankhula: "Akulu, ine ntchito yanga inali yoimitsa zinthu. Imani."

"Takhala chete iwe, tili pa anthu," ndatero ine, manyazi atandigwira.

Ndakunga zonse zisanu n'imodzi mpaka bilimankhwe wabiriwira. "Eya, tsopano zalondola," akutero. Ndiye ndayamba kuimba, gitala ikumveka bwino zoti sindinazimvepo chibadwire. Achemwali atsegula pakamwa, mawu osafika. Mwadzidzidzi nyimbo ija yatulukira pawindo n'kukakolekeka pa waya wamagetsi ngati malaya ochapa. Achemwali akwera pampando, kenako padenga pa minibasi, akunyanyamphira, mpango wagwa, koma kuifikira ayi.

Ndiye atsika, akhala pansi n'kukonza chitenje. "Achimwene, jambulani nokha. Gitala yanu yakoma, ndisakuwonongereni."

Akanakalipa bwenzi zili bwino. Koma anayankhula mofatsa, akumwetulira, ndipo ine ndinamva chisoni chosaneneka.

Ndagwira chokungira n'kuyamba kukhwefula. Bilimankhwe wafiira mpaka kumchira. "Bambo, zimenezo makina sakuzidziwa."

"Makina anuwo sanandiberekepo kumsana," ndayankha. "Awa ndi amene anandibereka amayi atamwalira."

"Mwaonatu," ikutero nsambo ya buleki. Koma zala zanga zasanduka nthochi, chokungira chikungoterereka, ndipo achemwali atsika minibasi, akupita osacheuka. Ndikuwaitana kuti angonena "mmm" kamodzi kokha, mawu anga osatuluka.

Ndiye ndikumva shwe, shwe, shwe. Kutsegula maso, kunja kwacha, ndi tsache. Achemwali akusesa pabwalo, akutsokomola pang'ono, kenako akung'ung'udza nyimbo yathu ija pansipansi, pamalo pawo pomwe paja.

Ndisanasambe n'komwe, ndinatsitsa gitala pamsomali, n'kutchera khutu kuwindo, n'kuyambira nsambo yachitatu.