Mpando wa Kutsogolo wa Apongozi

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paliponse pamene Amalawi akumana, ndiye bola ndiiulule ndekha, manyazi agwire mwini wake.

Mayi ake a mkazi wanga atabwera kudzationa ku South Bend, ndinafuna aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna weniweni. Alamu anga a ku Lawrence, ku Indianapolis, ankagulitsa trailer yaikulu, ija ya bedi ndi khitchini momwemo. Ndinati ndatenga. Chinatsala ndi galimoto yoikoka.

Wogulitsa magalimoto atandifunsa kulemera kwa trailer, ndinangoseka. Ine ndinakhalapo kondakitala wa matola ku Ntcheu, ndipo kumeneko galimoto sitinkaifunsa maganizo. Ndinasankha kapickup kakang'ono, ndinamenya matayala ndi phazi, basi.

"Mwachecka kuti kamakoka zolemera bwanji?" anafunsa mkazi wanga.

"Mayi a Tamanda, zimenezo ndi za m'mabuku!"

Loweruka tinapita ku Lawrence, apongozi ali pampando wakumbuyo ndi mwana wawo. Titangokoleka trailer, kapickup kanakhala pansi chakumbuyo, mphuno n'kuloza kumwamba ngati galu wodikira fupa.

"Alamu, iyi siyenda," anatero alamu akukanda mutu. "Matayala akutsogolo atsala pang'ono kusiya pansi."

"Musadandaule, izi ndi zanga!"

Pa matola lamulo ndi limodzi: kumbuyo kukalemera, kutsogolo umaikako munthu wathupi. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mkazi wanga ndi wochepa, alamu ali ngati bango. Maso anagwera pa apongozi, amene Mulungu sanawamane thupi.

Ndinanyonyomala n'kutsegula chitseko chakutsogolo. "Mayi, mpando wanu ndi uwu."

Kwathu mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi, ndiye anayamba akana. Kenako anakwera akumwetulira.

"Mwaona? Ulemu ngati uwu kumudzi unatha kalekale."

Ndinakaima patali n'kuyang'ana. Mphuno inatsika, koma pang'ono. Ndinakasunthira mpando wawo kutsogolo mpaka mawondo anagunda dashboard.

"Kuti muziona bwino msewu, mayi."

"Zikomo, bambo."

Ndinawaikiranso cooler box yodzaza pamiyendo, ati zakumwa zikhale pafupi. Anathokozanso, mayi wosalakwa! Ndinagwada pa tayala, ndinayeza mpata ndi zala, ndipo pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

"Alamu, sanakwane! Pakufunika ena ngati iwowa!"

Zenera linali lotsegula.

Apongozi anapereka cooler box kwa mkazi wanga n'kutsika pang'onopang'ono. Phazi lawo litangoponda pansi, mphuno ya galimoto inadzukanso, aliyense akuona. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka kukwawira pansi pa trailer.

Anakonza chitenje chawo bwinobwino, n'kundiyang'ana.

"Bambo a Tamanda, ndege zitatu ndakwera ine, kuti ndidzakhale thumba la simenti?"

Kulemera kwa trailer funsani poyera, koma kwa apongozi musayerekeze ngakhale mumtima.