Chizungu Changa cha M'khola la Nkhuku

Lolemba
Uthenga wafika! Mdzukulu wanga Tisa akubwera Loweruka ndi mwamuna wofuna kumukwatira. Ngwa ku Ghana, Chinyanja sakumva. Ine sukulu sindinapondeko, zilembo zomwezi ndaphunzirira ku tchalitchi imvi zili mbuu, koma mkamwini ameneyu ndimulandira m'Chizungu. Kungomuuza kuti ndakondwa, basi. Asakanene kwawo kuti agogo a Tisa ndi chitsa.

Lachiwiri
Ndili kwa a Zulu, aphunzitsi opuma aja. Ndapempha liwu limodzi, andipatsa anayi! Akuti onsewo ndi kukondwa, ana a mimba imodzi, koma osiyana msinkhu. Mutu wanga ndi dengu lobooka, pepala pamaso pa alendo ndi manyazi. Ndiye ndagawira nkhuku zanga:
Giladi, kamwanapiye
Hapi, msoti wofiira
Pilizidi, thadzi lamawanga
Dilaitedi, tambala, mkulu wa onse
Loweruka ndingoyang'ana tambala, liwu libwera lokha. Nzerutu izi!

Lachitatu
Akatekisiti akutsutsa. Akuti pilizidi ngwa ulemu koma ngozizira, wa mu ofesi. Giladi ndiye wochokera mumtima. A Zulu akuti akatekisiti azisamala za belu. Ine ndili pabwalo, gaga m'manja, kuitana mmodzimmodzi. Amayi akunyumba: "Abambo, anthu akuyang'anatu. Mwayamba kubatiza nkhuku?"

Lachinayi
Kabawi watenga Giladi! Masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndikuona. Ndakuwa mpaka kukhosi kwauma. Palibe kanthu, kanali kakang'ono. Atsala atatu.

Lachisanu
Pilizidi wakhalira mazira pansi pa nkhokwe, satuluka, saitanika. Akatekisiti ananena zoona, ngwa mu ofesi ameneyu. Koma tambala alipo, akulira ngati akudziwa. Dilaitedi! Dilaitedi! Jekete yasitidwa.

Loweruka
Afika pa minibasi yochokera ku Chipata. Mnyamata wamtali, waulemu. Mudzi wonse uli pamphasa. Ndikuimirira pang'onopang'ono, ndikutsokomola, ndikuyang'ana pabwalo. Tambala kulibe! Amayi akunong'ona: "Ali mumphika. Mumati alendo adya chiyani?" Liwu lapita naye limodzi. M'mutu muli zii. Msoti wofiira ukudutsa pamapazi panga. Ndaugwira, ndapereka ndi manja awiri: "Hapi."
Mnyamata wagwada, walandira, akuti: "Zikomo kwambiri, agogo. Inenso ndakondwa." M'Chinyanja! Tisa wakhala akumuphunzitsa sabata yonse. Amayi akululutira, misozi ya kuseka ili mbwee.

Lamulungu
Apita, Hapi ali m'katoni. Tisa akuti liwu limenelo linakwana, ndipo mkamwini akasimba kwawo kuti kuno chikondwerero amachita kukugwiritsa m'manja. Chabwino. Dilaitedi tamumaliza lero, anali wolimba koma msuzi wake wabwino. Chizungu changa chonse chatsala chimodzi, nacho chili pa mazira. Anapiye akaswa, ndiwatcha maina a kwathu.