Ba Eyobi ndi Mufolo wa ku George

Ku George, komboni ina ya mu Lusaka, kunali munthu amene sankalola msonkhano kutha asanatchule ngalande. Dzina lawo anali ba Lombe, koma mukafunsa za ba Lombe anthu ankangoyang'anana. Munkayenera kunena kuti ba Eyobi. Mukudziwa mmene misonkhano yathu imathera. Wapampando akatopa amafunsa mwachingerezi ngati pali "eyobi", ndiye kuti nkhani ina yotsala, ndipo apo aliyense amakhala atanyamuka kale theka. Ba Lombe ndi pamene ankakweza dzanja.

"Ba Cheya, mufolo."

Mufolo ndi ngalande, ndipo mbali imeneyo ya George inalibe. Mvula ikagwa madzi ankalowa m'nyumba ngati eni ake, kutenga mapoto ndi nsapato, kusiya za m'chimbudzi, kolera n'kubwera pambuyo. Nkhaniyo inali yoona, tisawanamizire. Kungoti ba Lombe sankasankha msonkhano. Wa chitukuko, mufolo. Wa makolo kusukulu, mufolo. Mnzawo wina anawatenga kuti akamulankhulire pa malowolo a mwana wake ku Matero. Zonse zitayenda bwino, akuchikazi anafunsa mwaulemu ngati pali china chotsala.

"Chilipo," anatero ba Lombe. "Uyu mufolo wa pa geti panu, munakamba na ndani ku khonsolo?"

Ba Kalumba, wapampando wa komiti ya chitukuko, anayesapo nzeru. Tsiku lina analumpha eyobi n'kupempha ba Lombe kuti atseke ndi pemphero. Anadziputira okha. Ba Lombe anatsinzina, n'kukumbutsa Ambuye kuti Iwo anapatula madzi ndi mtunda osadikira bajeti, osanena kuti injiniya ali ku Chawama. Anawafotokozera ndi pomwe mufolo uyenera kukathira. Pofika pa ameni, amayi ena anali atapita kukatunga madzi n'kubwerako. Makhansala ankabwera n'kuchoka, ndipo aliyense ankaphunzira msanga kuti akaona majombo a ba Lombe akubwera, alowe m'kantemba kalikonse ayambe kufunsa mtengo wa sopo.

Tonse tinkaseka, kupatula mkazi wawo, ba Philomena. Iwo ndi amene ankakapa madzi m'nyumba ndi beseni, ndipo anali ataona kalekale kuti madziwo sasochera. Ankalowera pa chitseko n'kukatulukira kukhoma la kuchipinda, chaka ndi chaka. Nyumba yawo ya buluu ija, imene anaimanga buloko limodzilimodzi, mmene anabadwira mwana wawo Nsama, inakhala pa njira yeniyeni ya madzi. Ngalande ikanabwera, inalibe kwina kodzera.

"Bashi Nsama," ankawayamba choncho, ndiye kuti bambo a Nsama, "aya manzi azapita kuti?"

"Mu mufolo, ukabwera."

"Nanga mufolo uzapita pati?"

"Ivo ni va ma injiniya, bana Nsama."

Ndiye kutchalitchi ankagwada pa benchi limodzi, mwamuna akupempha mufolo, mkazi pambali pake akupempha chamumtima kuti ndalama zake zisapezeke. Kwa zaka zambiri Mulungu anamvera ba Philomena.

Kenako khonsolo inavomereza. Kunabwera mtsikana woyeza malo, dzina lake Tamara, ndi makina ake a miyendo itatu komanso chitini cha utoto wofiira, wolembera mtanda pa chilichonse choima m'njira ya ngalande. Ba Lombe anatulukira atavala suti ndi majombo, n'kulanda chitinicho. Ntchito imeneyi, anati, si ya mwana. Tamara akaloza, iwo ankalemba, khamu likutsatira pambuyo. Mpanda, mtanda. Chimbudzi, mtanda. Kantemba ka ba Chansa, mayi wogulitsa tomato ndi makala, mtanda waukulu ngati wa pa tchalitchi.

"Ba Eyobi, bana banga bazadya chani?" analira ba Chansa.

"Musalile, mayo. Chitukuko chibaba pang'ono chabe."

Mzere unkatsika motsatira kutsetsereka kwa malo, ba Lombe akuimba mluzu. Atakhota pa pompi ya madzi, mluzu unatha. Tamara anasuzumira m'makina, anayang'ana khoma, anasuzumiranso.

"Ba tate, iyi nyumba ya buluu ni ya ndani?"

Ba Philomena anali chiimire pakhomo, manja ali ndi thovu la zochapa.

"Siungakhoteko pang'ono?" anafunsa ba Lombe ndi mawu amene sitinawamvepo.

"Mufolo ungakhote, koma manzi sazakhota. Azangena mu manyumba ya kumunsi."

Ba Chansa anapinda manja n'kudikira, ndipo anthu onse a mitanda anadikira nawo. Ba Lombe sanayang'ane mkazi wawo. Anaviika bulashi n'kulemba pambali pa zenera, utoto ukudonthera pa suti. Anthu anabalalika mwakachetechete ngati agwidwa akuba.

"Munaziba?" anafunsa ba Lombe atalowa m'nyumba.

"Kuchokera mvula yoyamba."

"Nanga simunakambe?"

"Munali ku miting'i."

Ba Philomena anakwiya, ndipo anakwiya nthawi yaitali. Chipukutamisozi chinaperekedwa, koma sichikanagula poloti ku George wa masiku ano, ndipo misozi sichinaipukute. Anasamukira ku Mandevu, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Nsama. Ankawaphikira amuna awo, kuwachapira, koma kucheza kunatha. Ku Mandevu ba Lombe anapita ku msonkhano kamodzi. Pa eyobi dzanja linakwera lokha, wapampando wa kumeneko n'kuwauza kuti, "Ba mudala, mu mseu uno mufolo tili nao." Anatsitsa dzanja. Kuyambira pamenepo anangokhala pa mpando kuseri, akuyang'ana kumwamba, suti ikuwakulira. Anamwalira mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ngalande itatha kuwakidwa ndi simenti koma isanalawe dontho la mvula.

Nsama anaimika tenti ku Mandevu. Kunabwera achibale ndi a kutchalitchi kwake, koma wa ku George ngakhale mmodzi. Ba Philomena anakhala pa matiresi maso ali gwa, mtima ukuwawa kuposa imfayo. Munthu anagwetsa nyumba yake chifukwa cha iwo, lero akulephera kukwera minibasi? Masana foni inalira. Anali ba Kalumba.

"Mayo, muli kuti kansi? Bantu bafika kudala pa nyumba ya malilo."

"Nyumba iti?"

"Yanu."

Uthenga utafika ku George, palibe anafunsa kuti maliro ali kuti. Aliyense anatenga chitenje kapena chipewa n'kupita kumene miyendo inazolowera, ndipo atapeza ngalande sanaone chifukwa chobwerera. Ba Philomena atatsika minibasi anapeza amuna atakhala pamabenchi m'mbali, pamwamba. Amayi pamaliro amakhala m'nyumba, ndiye iwo anali atatsikira mu mufolo woumawo n'kuyala zitenje pa simenti, nsapato atazivula n'kuzindanda pomwe panali chitseko. Ba Chansa, amene kantemba kawo kanapita, ndi amene anaimirira kuwagwira dzanja potsika.

"Nkalani apa, bana Nsama. Takusungilani ku chipinda."

Anakhala pansi, simenti ikutentha, n'kuyang'ana uku ndi uku. Malowo anali omwewo ndithu, amayiwo sanaphonye. Ku Mandevu misozi inali itakana, koma apa ba Philomena analira mpaka mawu kusasa, akuitana bashi Nsama ndi kuwauza zonse zimene anawamana miyezi ija. Amuna pamwamba anavula zipewa. Ba Kalumba, amene anathawa munthuyu zaka zonsezo, ankapukuta nkhope ndi tayi.

Mvula inabwera patapita masabata angapo, ndipo madzi anadutsa osalowa m'nyumba ya munthu. Lero ana a mbali imeneyo amafika kusukulu masokosi ali ouma. Misonkhano imatha msanga, anthu n'kumangozungulira pakhomo ngati aiwala kanthu. George wauma, anzanga, koma wazizira, ndipo ife amene tinkaseka tikuchita manyazi.

Chimene sichinasinthe n'chakuti anthu amatayabe zinyalala paliponse. Mitambo ikayamba kuda, mudzaona mayi wachikulire akutsika minibasi ya ku Mandevu ndi tsache m'manja. Amatsikira mu mufolo n'kusesa mapepala ndi mabotolo, kuyambira pa pompi kukafika pa kamlatho, osapitirira. Tsiku lina mayi wina wobwera kumene, amene sanamvepo za ba Eyobi, anaima pa kamlathopo ndi ndowa ya zinyalala, n'kuchita mantha pang'ono.

"Pepani mayo, ndimwe ba khonsolo?"

Ba Philomena sanaweramuke, anapitiriza kusesa.

"Iyayi mwana wanga. Nipyanga pa nyumba panga."