Ndinasankha Kabokosi, Ndinalandira Dengu

Ndisanayambe, ndipemphe kuti amene muli ndi chizolowezi choseka anthu ophunzira mugwiretu pakamwa. Nkhaniyi sinathe bwino.

Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka (ine ndi akuluakulu a kumeneko tinasiyana maganizo pa nkhani ya mayeso). Nditabwerera kwa malume, omwe ndi kapitawo wa otchola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, anandiuza kuti m'nyumba ya kampani simugona munthu wongokhala: sukulu, apo ayi dengu kumsana. Ndinawayankha kuti sukulu ndikupitiriza pa intaneti. Mawu akuti intaneti malume amawaopa ngati dzina la matenda, ndiye sanafunsenso.

Sukulu yakeyo inali gemu. M'mawa uliwonse ndinkapita pa msika wa Chinakanaka, kukanyumba kokopera nyimbo, n'kukhala pa kompyuta ya mnzanga. M'gemumo mumakumana anthu a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense akuyendetsa munthu wake. Wanga anali msilikali wa chifuwa ngati chitseko.

Tsiku lina anaimba foni ali ku Joni msuweni wanga Daitoni, mwana wa malume omwewa. Chinsinsi ankachidziwa, poti tinkasewera limodzi.

"Ase, ndikutumizira chipangizo chimodzi. Gemuyi ilipo ya pa laputopu, iliponso ya pa kabokosi kolumikiza ku TV. Sankha."

"Undipatse masiku atatu, ndichite kafukufuku."

"Kafukufuku wachani, iwe wothawa mayeso? Tenga laputopu. Munthu akakhala pa laputopu, olo akuwodzera, amaoneka ngati akuwerenga."

Malangizo a munthu wolekeza Fomu Thuu sindikanangowameza. Ndinaisanthula nkhaniyi mwaukadaulo. Laputopu ili ndi mabatani ambirimbiri, ndipo imandikumbutsa ntchito za m'kalasi zimene ndinazisiya zamasiye. Kabokosi kali ndi kachiwongolero kokwana m'manja, umasewera utagona chagada pa sofa, ndipo msilikali amaoneka wamkulu ngati munthu weniweni. Ndinasankha kabokosi. (Kafukufukuyo sanafike pa mfundo yakuti TV m'nyumbamo ndi imodzi, ndipo ili pabalaza.)

Katafika, malume ndinawauza kuti ndi chipangizo cholandirira maphunziro. Anakasisita, n'kulamula kuti ndikakhala m'kalasi aliyense azilowera khomo lakuseri. Masiku anayi ndinakhala ngati mwini esiteti.

Loweruka malume anaweruka msanga. Ndinangomva mpando ukukokedwa kumbuyo kwanga.

"Pitiriza, mphwanga. Ndingowaonako aphunzitsi akowo."

Tsoka lake, tsikulo kunalibe nkhondo. Kuti msilikali akwere udindo, gemuyi imafuna kuti atolere masamba a mankhwala. Ndiye chimphona changa chinali chitawerama m'tchire, chikutchola masamba n'kumaponya m'thumba lakumsana.

"Aphunzitsiwo ndi amenewa?"

"Ayi malume, ameneyo ndi ine."

"Ukutani?"

"Phunziro la zomera."

"Wayamba nthawi yanji?"

"Cha m'ma seveni."

"Osapuma?"

"Osapuma."

Anavala magalasi n'kuyandikira TV.

"Dzanja ndi lofulumira," anatero, "koma akuzula ndi mitengo yomwe. Timatchola masamba awiri ndi kansonga basi. Akadzaza amapita kusikelo?"

"Kulibe sikelo, malume."

"Nanga amamulipira ndani?"

Apa ndikananama, koma ubongo wa ku koleji unali utazima.

"Salipidwa. Ndife timagula bandulo kuti atchole."

Malume anayang'ana ine, n'kuyang'ana chimphona. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ine ndimayesa ndiwe waulesi, kani uli ndi mphatso. Maola asanu osaweramuka! Pa gulu langa palibe angafikepo. Lolemba tinyamukira limodzi, mphatso imeneyi isawolere pa sofa."

Ndinaimbira Daitoni kuti mwina tisinthe, abweretse laputopu ija. Anaseka mpaka mayunitsi anga kutha.

Choncho inu amene mukuvutika kusankha, imvani kwa katswiri. Zithunzi za kabokosi n'zokongola, mpaka lero sindikana. Koma laputopu imapindika munthu akalowa. TV sipindika.

Masiku ano ndikachoka kumunda ndimayesa kuyatsa gemu ija. Msilikali akangowerama, msana umene umayamba kupweteka ndi wanga, ndiye ndimazimitsa.